Phala la Zamkati la ku Falls Church

Tadala ndi Mphatso, za ubwana wanga ku Dedza sindilemba. Mwana aliyense wa kumeneko anadyapo kachewere wootcha, anakwapulidwapo kusukulu, anathawapo mvula ya m'phiri, ndipo ine sindinasiyane nawo. Ndikufuna mudziwe za ntchito zomwe manja awa anagwira kuno ku America, pomwe inu munkakula osadziwa komwe bambo wanu amasowera tsiku lonse. Chichewa mumachimva koma mumayankha m'Chingerezi, ndikudziwa. Ndalembabe m'Chichewa chifukwa ndi m'menemo momwe ndimalotera, ndipo zaka zimenezo ndikamazikumbukira tsopano, nditakhala pakhonde popanda wotchi yondidzutsa, zimabwera ngati maloto.

2001

Ndinafika kuno ndili bambo kale, imvi ziwiri zitatu zitayamba kusuzumira. Kumudzi ndinali dalaivala wa malole a fodya. Ine amene ndinkatsetsereka ndi lole yodzaza pa mapiri a Golomoti dzanja limodzi lili pazenera, ntchito yanga yoyamba kuno inali yotsuka magalimoto a anthu ena ku Gaithersburg. Abwana athu anali munthu woseka kwambiri, wa mano oyera, koma magolovesi ankagula peyala imodzi pa anthu atatu. M'nyengo yozizira zala zanga zinkauma ngati makaka. Ndikatsuka galimoto yokongola ndinkaloledwa kuiyendetsa kuchoka pothirira madzi kufika popukutira, mtunda woti nkhuku ingauyende osapuma, ndipo pa kamtunda kameneko ndinkadzimva kuti ndine dalaivala ndithu.

Kuzizira ndinakuzolowera. Chomwe chinandivuta ndi nyama ya m'masitolo akuno. Inali yoyera, yodulidwa bwino, yokutidwa m'mapulasitiki, yopanda fupa, ngati sinayendepo ndi miyendo. Matumbo kunalibe, chifu kunalibe, uwende ndiye musanene. Ndinkawafunsa amayi anu kuti kodi mbuzi ndi nkhumba za kuno zimabadwa zopanda zamkati? Iwo ankangoti, "Idyani zomwe zilipo, a Phiri, munakwera nokha ndege." Ndinkadya, koma pakamwa panga pankakhalabe pa chiwaya cha pa Lizulu, pomwe umaloza chidutswa ndi chala, mnyamata wa pachiwaya nachigwetsera m'mafuta, iwe uli chiimire ndi mchere ndi tsabola papepala.

2003

Laisensi ya kuno itatuluka ndinalembedwa ntchito pa kampani yaing'ono ku Alexandria, yonyamula odwala kupita nawo kuchipatala ndi kuwabwezera kwawo. Tinasamukira komweko, m'fulati ija ya pamwamba yomwe zenera lake linkayang'ana njanji. Mwini kampaniyo anali mayi wamtali wachiamerika, yemwe kale anali namwino. Sanali munthu woipa. Ankadziwa dzina la wodwala aliyense ndi matenda ake, koma magalimoto anali ochepa ndiponso okalamba. Chokwezera zikuku za odwala chinkafa masiku ozizira, ndiye tinkakankha ndi mapewa. Madalaivala ankabwera ndi kupita. Mwa malamulo ake onse, limodzi ankalinena atakuyang'ana m'maso: wodwala umamutenga pakhomo pake, umamusiya pachipatala, umamubwezera pakhomo pake. Kuima pena paliponse, kaya ndi pa sitolo, kaya wodwalayo alire, makiyi patebulo. Mnyamata wina wa ku Ghana anachotsedwa ine ndikuona chifukwa choimira gogo wina pogulitsa maluwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinalisunga lamulolo kuposa malamulo khumi aja.

Wotiuza kopita pa ovaova, kawailesi ka m'galimoto, anali Tembo, Mzambiya wa ku Lusaka, yemwe Chinyanja chake chinkandiseketsa ndipo Chichewa changa chinkamuseketsa. M'mawa uliwonse mawu ake ankatuluka m'kabokosiko: "Ba Phiri, mwauka? Tiyeni, nkhalamba zanu zikuyembekeza."

Ntchito imeneyo ndinaikonda, ana anga. M'mamawa nkhungu inkagona pa mtsinje wa Potomac, misewu ili zii, odwala kumbuyo akuwodzera, ine ndikuyendetsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Nthawi zina ndinkaiwala dziko lomwe ndili. Ndinkaona mitengo ya kuno nkumayembekeza kuti tikakhota ndiona phiri la Dedza.

Mwa odwala anga munali Bambo Tam, nkhalamba ya ku Vietnam. Impso zawo zinali zitasiya ntchito, ndiye katatu pa sabata ndinkawatenga ku Falls Church, komwe ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, kupita nawo ku makina otsuka magazi. Anali munthu wochepa thupi, woti ndikamawakweza pa chikuku ndinkachita mantha kuti ndiwathyola. Chingerezi chawo chinali cha mawu owerengeka, ndipo changa ankachimva movutikira, choncho tinkacheza ndi manja ndi maso. Mwana wawo, mayi wophunzira wogwira ntchito yogulitsa mankhwala, anandichenjeza tsiku loyamba lomwe: "Chonde, asadye kanthu panjira. Mchere, msuzi, makamaka zamkati, dokotala analetsa. Zikhoza kuwapha." Pobwerera kunyumba tinkadutsa pa masitolo a anthu a kwawo, pafupi ndi mphambano ija ya Seven Corners, pomwe ngakhale dalaivala wakale amayamba wapemphera asanalowe. Tikafika pamenepo Bambo Tam ankaika chikhatho pagalasi, nkuchisiya pomwepo mpaka masitolowo atabisika. Ine sindinkafunsa chifukwa chake.

2006, kumapeto kwa dzinja la kuno

Chaka chimenecho Bambo Tam anafooka kwambiri. Ankatuluka m'nyumba atavala zogonera ndi chijuzi pamwamba, ndevu zili nyankhalala, mutu uli pachifuwa. Ngakhale chikhatho chija analeka kuika pagalasi. Ndiye Lachitatu lina ndikufika pakhomo ndinawapeza akundidikira atakhala mowongoka, atameta ndevu, tsitsi atalipesa ndi mafuta, atavala jekete yakuda ndi taye. Anandimwetulira. Mwana wawo, akuthamangira kuntchito, anati, "Taonani, lero adzuka bwino!" Iye anakondwa. Ine ndinachita mantha.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Ndili mnyamata, amalume anga a Lufeyo anagona pamphasa miyezi yambiri. M'mawa wina anadzuka okha, napempha kuti awamete, napempha chiwindi cha mbuzi chootcha. Ife ana tinavina kuti achira. Amayi anga anazungulira kuseri kwa nkhokwe kukalira. Nditawatsatira anandiuza kuti, "Akutsanzika. Thamanga ukapeze chiwindicho, munthu samanidwa chakudya chotsiriza." Amalume anadya, natithokoza, ndipo kutacha anali atatisiya. Kwathu aliyense amazidziwa zimenezi. Wodwala akadzuka mwadzidzidzi nadzikonza, timayamba kuyang'ana komwe kuli nkhuni za pamaliro.

M'mawa wonsewo ndinanyamula odwala ena mtima uli kwa Bambo Tam. Ndinkadziuza kuti mwina ndi jekete chabe, bola asapemphe chakudya. Masana ndinakawatenga. Makina aja amasiya munthu ali wefuwefu, koma iwo anali maso gwa, taye ili m'malo mwake. Titaima pa maloboti a pafupi ndi masitolo aja, ndinamva chala chikundigogoda paphewa.

"Fili," anatero, poti ndi momwe ankatchulira dzina langa. "Chao. Lero. Chonde."

Analoza kachitseko kena pakati pa masitolowo, kenaka anachita ngati akumwa ndi supuni, ndipo ndinadziwa kuti chao ndi chakudya cha kwawo. Ndinayang'ana kutsogolo. Ndikapitirira, msewu unkapita kunyumba kwawo, ndipo ntchito yanga inali yotetezeka, lendi ya fulati ija, nsapato zanu za kusukulu, zonse. Ndikakhotera kumanzere, makiyi patebulo. Ndinaganizanso za mawu a mwana wawo, kuti chakudyacho chikhoza kuwapha, koma mumtima ndinati, munthu amene wavala kale za ulendo umamuteteza ku chiyani? Magetsi anasintha. Wa kumbuyo analiza hutala. Ndinatsitsa mawu a ovaova mpaka Tembo anangotsala kunong'ona, ndipo ndinakhotera kumanzere.

Kanali kamalo kakang'ono, matebulo ochepa a pulasitiki, magalasi atachita nkhungu ndi nthunzi. Nditangokankha chikuku kulowa, fungo linandigwira pakhosi: jinja, anyezi wokazinga, tsabola, ndipo pansi pa zonsezo fungo lomwe ndinali nditalisowa zaka zisanu, la zamkati zikuwira. Pa tebulo lina amuna awiri ovala zogwirira ntchito ankamwa phala atawerama, osalankhulana. Pakona panali wailesi ya kanema, mayi wina akuimba nyimbo yokoka, yachisoni, ngati ya kumaliro koma yopanda misozi. Pansi pafupi ndi kauntala panali kakachisi kofiira kokhala ndi timagetsi, malalanje atatu ndi timitengo ta lubani. Kunja kunali America, ndi maloboti ake ndi mahutala ake, koma m'katimo sindinadziwe kuti ndili dziko liti.

Mwini malowo, mayi wonenepa wa epuloni ya maluwa, anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Ataona Bambo Tam anafuula, nawagwira manja onse awiri, nayamba kulankhula nawo chilankhulo chawo chokwera ndi kutsika. Nkhalambayo inakweza chala chimodzi. Mbale imodzi ya chao, phala lomwe amuna aja ankamwa.

Ine ndinachita zomwe mwana woleredwa bwino amachita. Ndinavula chipewa, ndinagwada bondo limodzi pambali pa chikuku, ndipo ndinawapempha mayiwo m'Chingerezi kuti andimasulire.

"Afunseni ngati ali ndi mawu oti ndikasiye kwa mwana wawo."

"Mawu anji?" anafunsa mayiwo.

"Mawu otsiriza. Kwathu wodwala akadzikonza chonchi napempha chakudya cha kwawo, ndiye kuti ulendo wayandikira. Ndiye ngati pali chomwe akufuna kunena, ine ndilipo, ndikafikitsa."

Mayiwo anandiyang'ana, nayang'ana nkhalambayo, namasulira. Bambo Tam anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka misozi, akundimenya paphewa ndi kadzanja kawo kopepuka. Amuna awiri aja anatembenuka. Ine ndili chigwadire, chipewa m'manja, ngati munthu wodzafunsira mbeta pakhomo polakwika.

"Akuti safa lero," anatero mayiwo, nawonso akupukuta m'maso. "Akuti Lachisanu ali ndi dokotala, sangamukhumudwitse. Phalali si lawo, bambo. Ndi la akazi awo."

Ndinakhala pampando, ndipo mayiwo anandifotokozera akuyala tebulo. Akazi a Bambo Tam anamwalira kuno zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo tsikulo linali tsiku lawo. Kwawoko, tsiku lomwe munthu anamwalira silidutsa chabe. Chaka chilichonse amamuphikira chakudya chomwe ankachikonda, namuitana kuti adzadye ndi abale ake. Tsikulo amaliwerengera potsata mwezi wa kumwamba, osati kalendala ya pakhoma, ndiye ana okulira kuno limawasokonekera. Kunyumba kwa mwana wawo zamkati sizinkalowa, poopa kuti nkhalambayo ingalawe, ndipo utsi wa lubani unkaliza belu la moto. Zaka za m'mbuyo ankabwera okha pa basi. Chaka chimenecho miyendo inali itakana.

Phala linabwera m'mbale yaikulu, likufuka. Linali la mpunga, wophikidwa mpaka kusungunuka, lotuwirako chifukwa cha msuzi wa nkhumba. Pamwamba anayalapo matumbo odula mozungulira, chiwindi, mtima, chifu, ndi uwende wodula ngati timabokosi, kenaka masamba a anyezi, jinja wodula ngati udzu ndi tsabola wakuda. Pambali panali ndimu, ndi mandasi aatali opanda shuga oti uzinyika m'phalamo. Mayiwo sanaike mbaleyo patsogolo pa Bambo Tam. Anaiika mbali ina ya tebulo, pampando wopanda munthu, naika supuni ndi timitengo todyera. Nkhalambayo inapisa m'thumba la jekete, nitulutsa kachithunzi ka mayi wachitsikana wovala chipewa chosongoka, nikatsamiritsa ku botolo la msuzi. Mayi wa epuloni uja anayatsa kamtengo ka lubani, nakabaya m'kapu ya mpunga wosaphika.

Zomwe zinatsatira sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Utsi wa lubani unkakwera mowongoka, nthunzi ya phala inkakwera mopindika, ndipo pamwamba zinkakumana. Bambo Tam anayamba kulankhula motsitsa, akuyang'ana mpando uja. Sikunali kupemphera. Kunali kucheza kwa mwamuna amene wabwera kuchokera kuulendo ndipo akusimbira mkazi wake za kumene anali. Ankaima, ngati akumvetsera, kenaka nkugwedeza mutu. Pena anandiloza ine, naseka pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ya kugwada kwanga yafika kwa eni ake. Mayi wa epuloni anandinong'oneza kuti malemuwo ankagulitsa phala lomweli pa doko la mtsinje wina kwawo, ndipo Bambo Tam, ali mnyamata woolotsa anthu pa bwato, ankadya mbale ziwiri m'mawa uliwonse ngakhale analibe njala. Ndikunena zoona, ana anga, nthawi ina ndinasuntha mwendo wanga pansi pa tebulo kuti ndisawaponde malemuwo. Ovaova, Tembo, abwana, zonse zinali kutali ngati nkhani za dziko lina. Ndinamva mtendere womwe ndinali ndisanaumvepo chifikireni kuno.

Lubani atapsa mpaka pansi, Bambo Tam anakankhira mbale ija kwa ine.

"Eni ake adya," anatero mayi wa epuloni. "Chotsala amadya amoyo. Iwo dokotala anawaletsa, ndipo amamvera. Ndiye idyani inu."

Ndinazengereza. Ndinali mkulu wa mpingo, ndipo liwu lina mumtima linati, kodi imeneyi si nsembe? Koma liwu lina linandikumbutsa kuti kwathu tikamanga chiliza timapha mbuzi, ndipo sindinaonepo mkulu wa mpingo akubweza mbale. Ndinafinyira ndimu, ndinatenga supuni. Phalalo linali litatsala lofunda, losalala, jinja akuluma pang'ono kukhosi. Nditaluma thumbo loyamba ndinatseka maso. Ndinali pa Lizulu, lole nditaiimika m'mbali mwa msewu, mphepo ya Juni ikuomba kuchokera ku Mozambiki, amayi ogulitsa kabichi akuitana. Chiwindi chinali chofewa, uwende unkasungunuka palilime. Nditatsegula maso ndinapeza Bambo Tam akutsatira supuni iliyonse kuchokera m'mbale mpaka pakamwa panga, milomo yawo ikuyenda pang'ono. Iwo sanalawe ngakhale dontho. Anangoweramira pafupi, nakoka fungolo ndi mphuno. Ndinadya lonse, ndinapukuta mbale ndi ndasi lomaliza.

Titabwerera m'galimoto ndinakweza ovaova, ndipo dziko linandigwera.

"Ba Phiri! Muli kuti imwe? Mwana wa mudala atuma foni kabili, alila. Ba bosi bazungulila chabe mu ofesi. Mvelani, kambani ati tayala inaphulika, ine nizavomela."

"Ndamva, Tembo. Zikomo."

Mwana wa Bambo Tam tinamupeza panja, atathawa kuntchito, foni ili m'manja. Anathamangira bambo ake, nawagwira kumaso, ndipo fungo la jekete linamuuza komwe tinali. Ananditembenukira.

"Mwawadyetsa chiyani? Ndinakuuzani! Ndinakuuzani tsiku loyamba!"

"Sanadye kanthu, mayi. Ndadya ndine. Phalalo linali la amayi anu, akuti lero ndi tsiku lawo."

Anayang'ana taye ya bambo ake, ndi tsitsi lopesa lija, zomwe m'mawa anaziona nakondwa. Kenaka anakhala pansi pa masitepe ozizirawo, naphimba nkhope. Bambo ake anamuika dzanja pamutu. Ndinawalowetsa m'nyumba mwakachetechete, ndipo potuluka mwana wawoyo anandigwira mkono nati aimbanso ku ofesi kukafotokoza. Anaimbadi, koma anali atauza kale abwana poyamba paja kuti galimoto yasowa ndi bambo ake, ndipo madzi akatayika saoleka.

Bodza la tayala ndikanalinena, sindine mngelo. Koma nkhani inali itafika kale, ndipo ine ndemwe ndinkanunkha jinja ndi lubani kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Abwana anandikhazika pansi, natseka chitseko.

"A Phiri, mwa madalaivala anga onse inu ndiye sindinkakuderani nkhawa. Mwana wawo wandiuza zonse, ndipo ndamva. Koma akanakomoka m'menemo? Akanatsamwa? A inshuwalansi akamva kuti ndakusiyani, atseka kampani yonse, ndipo odwala enawa adzanyamulidwa ndi ndani?"

"Ndikudziwa, mayi. Lamulo munandiuza."

"Nanga munaimiranji?"

"Ndinkayesa akumwalira."

Sanamvetse, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinaika makiyi patebulo. Tembo anandiperekeza mpaka pa geti akupukusa mutu: "Imwe ba Malawi, nchito yonse kutaya pa phala." Ntchitoyo sinabwererenso. Ndinakhala miyezi ingapo ndikungogwira maganyu, ndipo ndi chaka chimenecho chomwe tinachoka m'fulati ya pamwamba ija kubwerera ku Gaithersburg, m'chipinda cha pansi chopanda dzuwa, komwe iwe Mphatso unkalira kuti sukuonanso sitima. Pambuyo pake ndinapeza ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu, yomwe ndinapumira. Bambo Tam, amene ndinawagwadira kuti atsanzike, anakhalabe ndi moyo zaka zina zitatu.

Koma masana amenewo, ndili pa basi yopita kunyumba, manja ali m'matumba opanda makiyi, sindinkaganiza za zonsezo. Ndinkaopa amayi anu. Masiku amenewo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinawapeza akusita yunifolomu. Atandiona pa nthawi yosayenera anaimika simbi.

"Galimoto ili kuti?"

Ndinawauza zonse, osabisa. Ndinayembekeza mphezi, ndipo inali yondiyenera, chifukwa wolipira lendi tsopano anali iwo okha. Anamvetsera ataima, manja ali m'chiuno. Nditafika pa kugwada kuja anati, "Inunso, a Phiri," koma sanaseke. Nditamaliza anakhala pampando.

"Ndiye ntchito yatha."

"Yatha."

Kenaka anayamba kundifunsa mafunso omwe sindinawayembekeze. Mbaleyo anaiika mbali iti? Nkhalambayo inkalankhula mokweza kapena motsitsa? Anthu ena m'menemo sanaseke? Ndinayankha lililonse.

Muyenera kudziwa kuti agogo anu a ku Ntcheu, amayi awo a amayi anu, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Mapepala athu anali asanatuluke, ndiye kupita kumaliro kukanakhala kupita osabwerera. Uthenga unabwera pa foni m'mawa, amayi anu anaumva, anavala yunifolomu napita kuntchito. Kwathu maliro salira munthu mmodzi, ndipo kuno panalibe wolira naye. Kuchokera tsiku limenelo sindinawaone akugwetsa msozi, ndipo dzina la amayi awo silinkatchulidwa m'nyumba.

Anadzuka, nalowa kukhitchini. Ndinamva akusenda mbatata, ndinamva akupera mtedza. Fungo la futali litadzaza nyumba anatuluka ndi mbale imodzi, naiika patebulo, pampando womwe sitinkakhalapo, naika supuni pambali.

"Tsiku lawo linapita kale," anatero osandiyang'ana. "Koma adikira zaka ziwiri, sangakane."

Anakhala moyang'anana ndi mbaleyo, nati, "Amayi." Liwu limodzi lokhalo. Kenaka unatuluka mfuu uja wa kwathu, wa mayi wolowa pakhomo pa siwa, womwe ndinali ndisanaumve chichokereni ku Malawi. Inu munali mukungofika kuchokera kusukulu. Munaima pakhomo zikwama zili kumsana, ndipo iwe Tadala unandifunsa m'Chingerezi kuti wamwalira ndani. Ndinati agogo anu a ku Ntcheu. Unati, koma anamwalira kalekale. Ndinati eya.

Atatopa kulira ndinasendera pafupi, nditagwidwabe ndi manyazi a makiyi aja, ndipo ndinayamba kunena kuti mawa m'mamawa ndipita kukafunsa ntchito kotsuka magalimoto kuja. Anandiletsa ndi dzanja, akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Za ntchito tikambirana mawa, a Phiri. Lero pano pali maliro."